Njinga ya M'tauni ndi Thumba la Mchenga

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndikukagula tcheni. Nditalemba mayeso a Fomu 4 kwathu ku Zomba, achemwali anga, amene anali namwino ku Chitipa, anandiitana kuti ndikadikire zotsatira kwawoko m'malo momangozungulira pamsika. Tsiku lina tcheni cha njinga yawo chinaduka, ndipo anandituma pa shopu ya a Silungwe pa boma. Ndinawapeza atagwada pakati pa makatoni, akulimbana okha ndi njinga zimene zinali zitangofika kuchokera ku Tanzania. Ndinawagwirira felemu kuti amange foloko. Kenako ndinawapatsa sipanala. Dzuwa likupendeka ndinali ndidakali pomwepo.

"Ndikuyesa mwezi umodzi," anatero. "Ndikaona manja ako, tikambirana."

Njinga yatsopano sibwera ili njinga. Imabwera m'katoni: felemu payokha, mawilo paokha, mahandulo, chishalo, mapedulo, madigadi ndi kaliyala zitamangidwa pamodzi ndi waya, ndi kathumba ka mabawuti kamene nthawi zambiri kamakhala koperewera. Zida zathu zinali sipanala ya 10 ya mabuleki ndi madigadi, ya 15 ya mawilo ndi mapedulo, pulayala, nyundo yaing'ono, mpope, chitini cha girisi ndi kakiyi komangira masipoko. Girisi wa kufakitale a Silungwe sankamukhulupirira, choncho habu iliyonse, pakati pa wilo paja, tinkaitsegula n'kupakamo wathu. Pedulo ya kumanzere imamangidwa mozungulira chobwerera. Ukaikakamiza ngati inzake umadya mazinga. Pofuna kuwongola wilo, njinga umaigadabuza, wilo n'kulizunguza utagwira choko pafupi ndi limu. Pamene choko chalemba ndi pamene limu yapendekera. Umamasula sipoko ya mbali imeneyo, n'kumanga ya mbali inayo, pang'onopang'ono.

Zimenezi ndinaphunzira msanga. Chimene chinandivuta chinali anthu. Pa khonde la shopu pankamveka Chilambya, Chisukwa, Chitumbuka ndi Chiswahili, ndipo Chichewa chinkabwera pokhapokha wina akafuna kulankhula ndi ine. Akabaza amene ankadikira okwera pansi pa mtengo wapafupi sanavutike n'kufunsa dzina langa. Anangonditcha Zomba.

China chinali kaguliridwe kake. Kwathu munthu wogula njinga amaikwera n'kuzungulira pang'ono. Pa shopu ya a Silungwe munthu ankayamba waisenzetsa. Kuseri kwa chitseko kunkakhala thumba la mchenga lolemera ngati thumba lodzaza chimanga. Kale ankaikamo chimanga chenicheni, koma makoswe anawaletsa. Mlimi wa ku Kaseye akasankha njinga yake yakuda, ankaliza masipoko ndi chala ngati gitala kuti amve kulira kwake, kenako n'kumanga thumbalo pa kaliyala ndi malegeni, n'kuikankha mpaka pamsewu ndi kubwerera. Njinga ikapirira, ndiye kuyamba kunenerera mtengo.

A Silungwe anali ndi lamulo limodzi pa zimenezi, ndipo analinena kangapo. "Wogula usamuletse kuyesa. Ukamuletsa, mawa boma lonse lidziwa kuti tikubisa kanthu. Chikathyoka poyesa, chathyokera ife."

Pakati pa mweziwo anabweretsa njinga za mtundu wina, zochepa chabe. Zinali za buluu, za magiya, za matayala opyapyala, basiketi kutsogolo, felemu yotsika pakati kuti ndi wovala siketi yemwe akwere bwino. Iwo ankati ndi za m'tauni, za aphunzitsi ndi a m'maofesi. Anthu ankabwera, kuinyamula ndi dzanja limodzi, kuseka, n'kuibwezera. Palibe anapemphapo thumba, chifukwa palibe ankaiona ngati njinga yogula. Moti funso loti thumba ndi njinga zimenezi zikugwirizana bwanji silinafunsidwepo, ndipo a Silungwe ananyamuka kukaoda katundu kutsidya kwa malire asanaliyankhe. Aka kanali koyamba kundisiya ndekha, mwezi wanga utatsala pang'ono kutha.

M'mawa wa tsiku limenelo kunafika bambo wachikulire wovala jekete ndi majombo, pambuyo pake pali mtsikana wamkulu ndithu. Anali a Kayuni, mlimi wa khofi wa ku Misuku, ndi mwana wawo Tumpale. Ndinawalonjera m'Chitumbuka changa chobwereka, iwo n'kuyankha m'Chichewa chosankha mawu limodzilimodzi.

"Tikufuna njinga ya m'tauni. Mwana uyu wapeza ntchito ku Mzuzu, pogulitsa mankhwala. Mawa akukwera basi."

Ndinatulutsa ya buluu, n'kuipukuta fumbi ndi malaya anga omwe. Tumpale anagwira basiketi, anamwetulira, n'kuyang'ana pansi. Bambo ake anaitukula ndi dzanja limodzi. Analiza masipoko, n'kutchera khutu nthawi yaitali.

"Yadya iyi?" anafunsa. Akabaza, amene anali atayamba kale kusendera, anaseka. "Thumba lili kuti?"

"Adada, iyi si ya katundu," ndinatero. "Pa kaliyala apa alemba kulemera kwa katundu amene anganyamule. Sikupitirira theka la thumba lathu."

"Alemba ndani?"

"A kufakitale."

"Anafikako ku Misuku?"

"Koma mwati ikupita ku Mzuzu."

"Enya, inde, ku Mzuzu. Bweretsa thumba."

Ndinaganiza kuti mwina sindinawamvetse. Ndinalowa n'kutulutsa yakuda, ya kaliyala wachitsulo, n'kuwauza kuti ngati akufuna yonyamula katundu, nayi. Anandiyang'ana ngati ndawapatsa khasu.

"Iyo ndili nayo kunyumba. Ine ndati ya m'tauni."

Apa mutu unaima. Munthu akufuna njinga ya m'tauni, koma akufuna kuiyesa ngati ya kumunda. Ya kumunda akuikana. Wokwera weniweni ali chete, akuyang'ana zala zake zakuphazi. Ndikakana thumba ndaphwanya lamulo la abwana anthu akuona. Ndikalola, ndinkadziwa bwino chimene chidzachitike, chifukwa kaliyalayo ndinamanga ndekha ndipo ndinamva kupepuka kwake.

"Zomba akubisa," anatero wakabaza wina.

"Mali mbovu," anawonjezera mnzake, kutanthauza katundu wachabechabe.

Sindinganene kuti ndinasankha. Ndinangopezeka ndikukoka thumba kuchokera kuseri kwa chitseko. A Kayuni ndi wakabaza mmodzi analitukula n'kulikhazika. Sipanamveke phokoso. Kaliyala anangoyamba kutsika pang'onopang'ono ngati munthu wogwada m'tchalitchi, mpaka anakhala pa madigadi, madigadi n'kukhala pa tayala.

Tinachotsa thumba. Ndinathamangira kwa fundi wowotcherera zitsulo amene anali ndi shedi pafupi nafe. Anabwera, anagogoda kaliyalayo ndi kiyi, n'kupukusa mutu.

"Ichi ndi chitsulo cha mapoto, aluminiyamu. Makina anga sagwira. Ukachiwongola chithyoka."

Njinga yatsopano inali itaonongeka m'manja mwanga tsiku loyamba kusiyidwa ndekha, ndipo wogula anali asanagule. Ndinayamba kuganiza za mmene ndikawauzire achemwali.

Kumbuyo kwanga bambo ndi mwana anali atayamba kukangana m'Chisukwa. Mawu amene ndinatolapo anali atatu okha: Mzuzu, basi, njinga. A Kayuni ankaloza kaliyala wopindikayo. Tumpale, amene m'mawa wonse anali asanatsegule pakamwa, ankayankha mofulumira, mawu ali pansi koma osabwerera m'mbuyo. Nthawi zina onse awiri ankandiloza ine. Ndinafunsa wakabaza wina kuti akuti chiyani.

"Ine ndine Mlambya," anatero. "Ndikumva, koma ndikakuuza udzalira."

Kenako Tumpale anasiya kulankhula. Anapita pa njinga yakuda, anaigwira pa felemu, n'kuyesa kukwera nayo masitepe a khonde la shopu. Anaitukula wilo lakutsogolo lokha. Lakumbuyo linakodwa pa sitepe, pedulo n'kumumenya pamsongolo. Anaiika pansi. Anatenga ya buluu ija, yopindika kaliyala, anaikoleka pamkono, n'kukwera nayo mpaka kulowa pakhomo. Atatuluka analankhula ndi ine, m'Chichewa chosalala kuposa changa.

"Achimwene, chipinda chimene ndapeza chili kumunsi kwa chitunda. Potsikira pali masitepe okumba m'dothi, mvula ikagwa amaterera. Njinga siingagone panja, aba. Ndiye tsiku lililonse ndiziitsitsa ndi kuikweza ndekha. Yakudayo ndikangoisiya kwa eni nyumba n'kumayenda pansi. Auzeni adada, ine sakundimva."

Ndisanatsegule pakamwa, a Kayuni anandigwira pamkono n'kunditembenuzira kwa iwo, ngati ndine woweruza mlandu.

"Mwana wanga, tamvera. Ku tauni chakudya n'chogula, ngakhale masamba. Ine ndizitumiza pa basi ufa, nyemba, nthochi. Zikafika kudepoti, akatenga ndi chiyani? Pamutu, atavala za kuntchito? Njinga yokongola chomene, yayi sindikukana. Koma ikalephera thumba, mwana agona ndi njala ufa uli kudepoti."

Ndinaima pakati pawo, sipanala ili m'manja. Onse anali kunena zoona. Wina ankafuna njinga yoti ainyamule, wina yoti inyamule chakudya, ndipo pa shopu panalibe njinga yochita zonse ziwiri. Ndinangonena zimene ndinkadziwa, chifukwa ndinalibe zina: kuti kaliyala tikhoza kusintha n'kuika wachitsulo, koma wilo lopyapyala lija ndi masipoko ake sizingapirire thumba lathunthu. Theka basi.

"Theka," anatero a Kayuni.

Anayang'ana thumba. Kenako anatulutsa kampeni m'thumba la jekete, anadula ulusi wa pakamwa pa thumbalo, n'kuyamba kukhuthula mchenga wa a Silungwe pasimenti. Ndinafuna kuwaletsa, koma ndinakumbukira kuti wogula saletsedwa kuyesa, ndipo sindinkadziwanso ngati uku kunali kuyesa kapena ayi. Atafika pakati analeka, analitukula kuti amve kulemera kwake, n'kulimanga pakhosi ndi legeni.

"Ika wachitsulo uja tione."

Kaliyala wa njinga yakuda sakwana pa ya buluu, chifukwa mawilo a yakuda ndi okulirapo. Miyendo yake inatalika. Fundi anaidula ndi sowo, anaiphwathalitsa kumapeto ndi nyundo, n'kuboola mabowo atsopano. Ine ndinawongola madigadi ndi manja, ndinagadabuza njinga, ndipo choko chinandionetsa kuti limu yapendeka pang'ono malo amodzi. Ndinaiwongola anthu onse akundiyang'ana. Itatha, inali njinga ya buluu yonyezimira yokhala ndi kaliyala wakuda wokandika. Akabaza anati yavala suti ndi majombo.

A Kayuni anamanga theka la thumba, anaikankha mpaka pamsewu n'kubwerera. Kaliyala sanasunthe. Tumpale anakwera, thumba lili pomwepo, anasintha magiya, anakatembenukira pa mphambano. Atabwerako anamasula thumbalo n'kukweranso masitepe atanyamula njinga. Inali italemerako, koma anakwera nayo.

"Ndizisoka matumba ang'onoang'ono," anatero bambo ake. "Uzipita kawiri kudepoti."

"Ndizipita, adada."

Analipira mtengo wa njinga. Za kaliyala watsopano ndi ntchito ya fundi anakana, ndipo anali ndi chifukwa: chothyoka poyesa chathyokera shopu. Lamulo lathu ankalidziwa kuposa ine.

A Silungwe anafika masana a tsiku lotsatira. Anapeza mulu wa mchenga pakona, thumba lofota, kaliyala wopindika ali pa kauntala, wina wa m'sitoko palibe, fundi akudikira zake pakhomo, ndipo njinga imodzi ya buluu yapita. Ndinafotokoza, koma nkhani inkatuluka mosokonekera: masitepe, nthochi, depoti, aluminiyamu. Sindinkadziwa ngati ndikunena za malonda amene ndachita kapena za katundu amene ndaononga. Iwo anatenga kaliyalayo n'kumutembenuza m'manja nthawi yaitali.

"Unawafunsa kuti thumba akulifuniranji?"

"Ayi, bwana."

"Nanga mwanayo unamufunsa kanthu?"

"Ayi."

Ndinayembekezera mawu omaliza. Iwo anaika kaliyala pansi pa kauntala n'kupumira m'mwamba.

"Zaka zonsezi nanenso sindinafunsepo munthu. Ndimangotulutsa thumba." Analipira fundi, kenako anavula kiyi mmodzi pa mulu wa makiyi awo n'kundiponyera. "Kuyambira mawa uzitsegula ndiwe. Koma mchenga wanga usese."

Ndinakhala pa shopupo mpaka pamene ndinapita kukaphunzira utolankhani. Njinga za buluu zotsalazo zinagulidwa pang'onopang'ono, ndipo palibe ina imene inapindika, chifukwa ndinasiya kuthamangira m'sitoko munthu akangoti akufuna ya m'tauni. Ndinkayamba ndafunsa kuti wokwera ndani, azinyamula chiyani, njingayo izigona kuti. Akabwera awiri, ndinkafunsa onse awiri, kuyambira amene wangokhala chete.