Mlongo Wanga Anabwera pa Ndege

Mlongo wanga wamkulu anapita ku Mangalande kukagwira ntchito yosamalira nkhalamba ine ndikungophunzira kumene kupalasa bwato. Zaka zinapita zambiri osabwerako. Amayi akamufunsa pa foni kuti abwera liti, ankangoti, "Kuno n'kutali, amayi." Iwo anakhulupirira. Kwathu kwa Mphuka, kutali kumene amayi ankakudziwa kunali ku Tete, komwe malemu atate ankapita ndi nsomba zouma n'kubwerako mwezi utasintha. Choncho ankauza anzawo a kutchalitchi kuti mwana wawo ali kumalo oyenda miyezi, ndipo mtima wawo unali m'malo.

Uthenga wa maliro a mlongo wanga unandipeza padoko ku Feira, ndikulongedza nsomba m'matumba. Anaimba ndi mnzake amene ankakhala naye nyumba imodzi, mayi wa ku Petauke. Patapita milungu anaimbanso kuti zonse zatheka, iye abwera nalo bokosi. Ndege inyamuka ku London madzulo, asintha ina ku Addis Ababa m'mawa, masana atera ku Lusaka.

Ndinakawapeza amayi pansi pa mtengo wa masawu, akupeta mapira. Ndinawafotokozera.

"Bwereza," anatero. "Anyamuka liti?"

"Lachitatu madzulo, amayi."

"Afika liti?"

"Lachinayi masana."

Anaika lichero pansi. "Lachinayi lomwelo lotsatira?"

Ndinayamba kulongosola kuti mtunda ndi wautali zedi, kuti pakati pali nyanja, chipululu ndi mayiko ambirimbiri, kungoti ndege imathamanga. Anandidula.

"Sindikufunsa za mayiko, mwananga. Zaka zonsezi mwana wanga anali pa ulendo wa tsiku limodzi?"

Nkhuku zinayamba kujompha mapira aja, iwo osaziingitsa.

Ku bwalo la ndege ndinapita ndi amalume pa galimoto ya kanta yobwereka. Bokosi linatulukira kumalo a katundu, litakulungidwa ngati firiji. M'njira yobwerera, titapatukira kumsewu wa ku Feira, mayi wa ku Petauke uja anandiuza zimene mlongo wanga ankabisa. Mapepala ake okhalira m'dzikomo anatha kalekale. Akanatuluka, sakanaloledwa kubwerera, ndipo sukulu ya adzukulu ndi mankhwala a amayi zikanaima. Akaweruka ku ntchito, akuti, ankakonda kuyang'ana pa foni maulendo a ndege zopita ku Lusaka, n'kumawerenga maola mokweza, kenaka n'kukagona.

Tinamuika pafupi ndi atate. Anthu atabalalika, ndinawauza amayi nkhani ya mapepala ija, poganiza kuti iwatonthoza.

"Akanangondiuza," anatero. "Ndikanamuuza kuti asiye zonse abwere. Njala sinatiphepo pano."

Mlendo wathu wa ku Petauke uja anagona masiku angapo. Amayi sanamufunsenso za ndege. Ankamuyalira mphasa pakhonde n'kumamufunsa zing'onozing'ono: ngati mwana wawo anali atayamba imvi, ngati anali ndi bulangete lokwanira m'nyengo yozizira, ngati ankasekabe mogwira pakamwa. Mayiyo ankayankha chilichonse mosatopa. Tsiku lonyamuka, amayi anamumangira nsomba zouma mu chitenje, ngakhale tinawauza kuti ku bwalo la ndege mwina akamulanda.