Mita ya M'chipinda cha Apongozi

M'masiku a Chitaganya, nyumba za magetsi kukomboni ya Matero zinali zowerengeka, ndipo woziyendera anali Whyson Tembo, wanjinga yakampani, chipewa cha kaki ndi tochi yomwe ankaiyatsa ngakhale dzuwa lili paliwombo. Ntchito yake inali kuwerenga mita, kabokosi kagalasi kokhala ndi timawotchi, kena muvi wake woyenda chakumanja, kotsatira chakumanzere. Whyson ankati zimenezi n'za anthu amutu, ndipo Matero yonse inamva kangapo.

Mavuto anayamba atakwatira Ida, mwana wa a Goliati, kalaliki wa kumasipala, kuofesi yoyang'anira tauni. Amene anaika mawaya m'nyumba ya a Goliati sanafunse munthu: mita anaikhomera m'chipinda chogona, pamwamba pa bedi. Tsono ndi mkamwini uti angalowe kuchipinda kwa apongozi? Whyson ngakhale kuwayang'ana kumaso sankayerekeza.

Anapangana kuti apongozi aakazi, a Felistus, azikwera pabedi n'kumawerenga, iye atanyonyomala panja pa zenera, nkhope kumpanda.

"Mubauze bapongozi kuti koyamba kali pa seveni!" ankafuula mayiwo ngati akutuma munthu wina, chikhalirecho pabwalo panali nkhuku zokha.

"Zikomo kwambili," Whyson ankayankha kuyang'ana nkhukuzo. "Koma bakumbukile kuti kachibili kayenda chobwelela."

"Wotchi siyenda chobwelela! Aka kanafunta. Ine nibelenga monga ya kuchalichi."

Kutsutsa apongozi n'kosatheka, choncho Whyson ankalemba zomwe wamva. Posakhalitsa mita ya a Goliati inaoneka ngati ikutsika mwezi ndi mwezi, ndipo kapitawo wa Whyson anamuitana.

"Iwe Tembo, nyumba iyi ibweza malaiti kukampani? Mwezi wamawa nibwela naiwe. Ukakangiwa kubelenga na menso yako, usiye njinga na chisote."

Whyson anauza Ida. Ida anauza bambo ake, amene anati nkhani zam'chipinda n'za azimayi, nabwerera kunyuzipepala yawo. Ida anapita nayo nkhaniyo kwa mayi ake.

Tsikulo litakwana, Whyson anafika ndi kapitawo. Pansi pa mpapaya anapeza bedi lachitsulo, matiresi, sutikesi, ngakhale nsapato za a Goliati zopitira kuchalichi. A Felistus anakhala pamkeka atafulatira msewu.

"Mubauze," anatero kwa mpapayawo, "kuti lelo muno mulibe chipinda chogona. Muli chabe vipupa na mita."

Whyson anavula chipewa, analowa chowerama, nawerenga timawotchi tonse mmene tiyenera kuwerengedwera. Kapitawo anasuzumira, anagwedeza mutu kuvomereza, koma atayang'ana matiresi ali padzuwa anaganiza za nsikidzi ndipo anakana mpando.

Njinga inakhalabe ya Whyson mpaka ufulu unabwera. Mwezi uliwonse anthu a mumzerewo akaona bedi la a Felistus panja ankadziwa kuti wamamita akubwera, n'kumangirira agalu. A Goliati, amene ankanyamula bedilo, anadandaula za msana mpaka kupuma ntchito.