Kulira Koyambira Pageti

Nditauza atate kuti ku yunivesite ndasankha anthropoloji, anandifunsa kuti n'chiyani chimenecho. Ndinawafotokozera kuti ndi maphunziro a mmene anthu amakhalira, miyambo yawo, maukwati, maliro. Anaseka nati ndiye kuti azakhali anga a ku Chelstone, mlongo wawo, digiri ali nayo kale, chifukwa palibe maliro a anthu a kuchigawo cha kum'mawa mu Lusaka amene amadutsa iwo osakhalapo. Komabe sanandiletse. Kutchalitchi ankauza anzawo kuti mwana wawo akuphunzira anthu.

M'chaka chachitatu tinauzidwa kusankha mutu wa kafukufuku wa chaka chomaliza. Anzanga anathamangira kumsika wa Soweto kukavutitsa amalonda ndi mafunso. Ine, ulesi, ndinasankha maliro a m'tauni, poti wondiuza, atate, anali kwathu komweko ku Kabwata. Aphunzitsi athu ankabwereza chinthu chimodzi mpaka tinachiloweza: yamba waona, chisoni ndi kuweruza zibwere pambuyo. Zimenezo ndinkazitha kuposa onse m'kalasi, ndipo ndinkanyada nazo.

Loweruka lina atate anakhala nane pakhonde akupukuta nsapato zawo za kutchalitchi, nandiyalira zonse ngati akuwerenga zolengeza. Mipando imatulutsidwa panja kuti akhalepo amuna. Akazi amakhala pansi m'nyumba, wamasiye pamatiresi pakona. Ndipo mwana wamkazi wochokera kwina salowa chete.

"Ayambila pa geti kulila," anatero, "kuti amai ake mukati bamvele kuti mwana wafika, sibali beka."

Anati zotsala tidzamaliza Loweruka lina. Anamwalira tisanamalize, m'nyengo yozizira, atagwa m'mawa akukonzekera kupita kuntchito. Uthenga unandipeza m'kalasi. Ndinakwera minibasi mpaka m'tauni, kenaka ina ya ku Kabwata, ndikudikira kuti misozi indipeza panjira. Sinandipeze.

Pageti ndinaima. Ndinaona kuti mipando yatuluka kale, ndipo pampando wa atate pakhala bambo wina amene sindinkamudziwa. Ndinaona amayi a chigwirizano cha kutchalitchi akutsitsa nkhuni m'galimoto, ndinaona nsapato zitaunjikana pakhomo, ndinaonanso kuti amuna a kuntchito kwa atate akhala padera ndi a kutchalitchi. M'chifuwa mwanga munali zii. Ndinangolowa, chikwama kumsana.

Azakhali anandigwira dzanja ndisanafike pakhomo. Anandimanga chitenje chawo china m'chiuno, nandikokera kubwerera kumsewu, anthu akuyang'ana.

"Iwe mwana, ungena monga wabwela ku ofesi?" ananena chapansipansi. "Amai ako bayembekeza kumvela mau ako. Niyamba ine, iwe ukonkhe."

Anayamba kulira pageti. Ine ndinatsegula pakamwa, mawu n'kutuluka, okwanira kuti amuna aweramitse mitu ndi akazi a m'nyumba ayankhe. Koma ndinkawamva ngati a munthu wina. Mutu wanga unali pantchito yake: azakhali ayamba ndi kuitana achimwene awo, mawu akukwera tikamayandikira khomo, a m'kati akulandira tisanaponde pakhonde. Zonse zinali monga atate ananenera, ndipo ndinachita manyazi kuti ndikuzindikira zimenezo.

Amayi anali pamatiresi pakona, atafunda bulangete. Anandikokera pansi n'kundikumbatira.

"Nakumvela," ananong'ona. "Nakumvela uli pa geti."

Sindinawauze kuti kunali kulowa kwachiwiri, ndipo azakhali sanaulule mpaka lero. Amayi analandira chimene ankadikira. Ine chibwano chinali paphewa pawo, maso ali gwa, ouma. Ndipamene ndinaona kuti wailesi ya kanema ayiphimba ndi chitenje, galasi la pakhoma alitembenuza. Zimenezo atate sanazitchule. Ndinaganiza kuti ndiwafunsa Loweruka.