Bambo Anga pa Kanema wa Masana

Kanema wina watsopano atangoyamba kuoneka kwathu ku Dwambazi, analibe mapulogalamu ambiri. M'mawa ankaonetsa makwaya, masana nkhani za m'chigawo chathu, pakati pake malonda a masitolo. Ankangobwereza zomwezo mpaka tinaziloweza pamtima.

Chaka china anyamata a kanemayo anabwera ndi kamera kudzajambula malonda a sitolo ina ya mbewu. Anapeza bambo anga ali m'munda wa mpunga, buluku atalipinda mpaka m'maondo. Anawapempha kuti anyamule ngala za mpunga n'kunena mawu ochepa. Bambo anati, "Bwerani mudzaone nokha," kenaka anaseka ndi manyazi. Kusekako sanakudule.

Bambo anamwalira dzinja lotsatira. Patatha sabata chiikire maliro, ine ndi amayi tinali pabalaza tikusankha nyemba, kanema akungodziyankhulira. Nkhani za masana zili pafupi kuyamba, mwadzidzidzi tinamva mawu a bambo pa malonda aja. Lichero linandipulumuka m'manja. Amayi sanagwedezeke. Anangoti, "Tamva, bambo."

Kuyambira tsiku limenelo, nkhani za masana zikayandikira, amayi ankasiya chilichonse, n'kumanga bwino mpango, n'kukhala pampando. Ine ndinkathawira panja, koma mawuwo ankandipeza, poti kwa aneba ankaoneranso kanema yemweyo. Ngakhale ku Boma, ndikalowa m'lesitilanti, ndinkapeza bambo ali pa kanema wa pakhoma, ataima m'matope, akuitanira anthu kumunda umene tsopano unali thengo lokhalokha. Usana uliwonse ankaseka, ine mtima n'kumandiwawa ngati maliro achitika dzulo.

Nditatopa nazo, ndinaimba foni ku ofesi ya kanemayo osauza aliyense. Mtsikana amene anayankha anadzidzimuka. "Pepani kwambiri, sitinadziwe kuti anatisiya. Tichotsa." Anachotsadi sabata yomweyo.

Amayi anadikira Loweruka, anadikira Lamulungu titabwera kutchalitchi. Lolemba anandiitana.

"Iwe, bambo ako sakubweranso bwanji?"

"Ndine ndinapempha kuti awachotse, amayi."

Anandiyang'ana m'maso. "Unandifunsa?"

Mawa lake ndinaimbanso foni kupempha kuti awabwezeretse, kapena angotipatsa chithunzicho tizisunga tokha. Anandiuza kuti zakale amafufuta kuti apeze malo a zatsopano, ndipo chathucho chinali chitapita kale. Ndinayenda khomo ndi khomo mpaka ku Nkhunga, kufunsa ngati wina anajambulako pafoni. Aliyense ankati, "Aa, timaonatu tsiku lililonse, tikanajambuliranji?"

Patapita zaka ziwiri kanemayo anagulidwa ndi anthu ena, ndipo masiku ano amangoonetsa nyimbo ndi mpira. Amayi sanaitchulenso nkhaniyi mpaka tsiku lawo lomaliza. Sanandikalipire, chakudya ankandisungira monga kale. Koma kanema wa pabalaza anamuphimba ndi chitenje, ndipo mdzukulu wawo wina atamupempha, anamupatsa osandiuza.