Whyson ndi Filimu Yopanda Magazi

Whyson Chimpeni anabadwira ku Livingstone. Bambo ake anachokera ku Ntcheu kudzacheka matabwa, koma iye utuchi sunamukome. Analowa ntchito ku bayisikopo ya m'tauni, poyamba ngati wosesa, kenako woyendetsa makina oonetsera filimu. Kachipinda kake kanali pamwamba, kotentha ngati ng'anjo, kawindo kake kongokwana nkhope imodzi.

Filimu iliyonse inkabwera pasitima ndi kapepala konena malo oyenera kudula. Whyson ankatenga sizasi n'kuchotsa mipeni, mitembo ndi anthu opsopsonana. Zapachinsalu sizinkamuopsa.

"Magazi aja ni tomato chabe," ankatero kwa mkazi wake Febby.

M'chaka cha 1978, mnansi wawo ku komboni ya Maramba, Mulemwa wokonza njinga, anatengedwa ndi amuna awiri a boma ovala masuti. Akuti anadandaula mokweza ali pamzere wogula ufa. Palibe amene analamula kuti anthu asiye kulankhula ndi mkazi wake, Mukatimui. Anangosiya okha. Akafika pampopi, nkhani zinkatha. Whyson nayenso anayamba kudzera njira yakuseri.

"Ife makolo athu ni a ku Malawi," anatero Febby. "Tikaonekera pang'ono atifunsa kuti kwanu ni kuti."

Patapita miyezi iwiri kunabwera filimu ya azungu imene kapepala kake kanalibe podula. Inali nkhani ya bambo wina wogulitsa nsapato. Tsiku lina mnzake sanamuyankhe moni. M'mawa mwake wina anachita chimodzimodzi, kenako mudzi wonse. Palibe anamumenya, palibe anamuuza cholakwa chake. Iye anayamba kudzifunsa tchimo limene anachita, mpaka kupepesa kwa anthu osawadziwa. Pomaliza anaima pakati pa msika akutchula dzina lake mobwerezabwereza, anthu n'kumangomulambalala.

Loweruka masana anthu m'holo analiza malikhweru.

"Ikani karate, imwe! Ici ni cinthu bwanji?"

Whyson sanawamve. Anali atamatirira pakawindo, thukuta lili kamukamu. Filimuyo anaionetsa kasanu ndi kamodzi, ndipo ulendo uliwonse mtima unkamugunda pamalo amodzimodzi: pamene wogulitsa nsapato akweza dzanja kupereka moni, mnzake n'kuyang'ana kumbali. Kayang'anidwe kameneko Whyson ankakadziwa bwino. Kanali kake.

Chakudya chinayamba kumukanika. Tsiku lina anaiwala kusintha filimu, chinsalu chinangoti mbee, mpaka bwana wake, a Mudenda, anakwera masitepe akukalipa.

"Ba Whyson, mwadwala?"

"Iyayi bwana. Ni filimu iyi."

"Ilibe ngakhale mfuti imodzi! Mawa tiibweza."

Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, Whyson anamupeza Mukatimui pampopi akutsuka ndowa. Amayi ena anayi anaima patali ndithu. Whyson anamuyandikira.

"Mwauka bwanji, ba Mukatimui?"

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Mwatumidwa na ndani?"

"Palibe. Ni moni chabe."

"Miyezi iwiri, ba Whyson. Ana anga anandifunsa ngati tinunkha." Anasenza ndowa yake isanadzaze n'komwe, n'kumapita.

Amayi anayi aja anaona zonse. Pofika Lachitatu, wogulitsa makala sanamuyankhenso Whyson moni. Tcheyamani wa chipani m'dera lawo anabwera kudzaona khadi lake la chipani, n'kulitembenuza kawiri ngati sanalionepo. Febby analira, nati mwamuna wake wawaitanira tsoka chifukwa cha zithunzi za azungu. Whyson sanatsutse. Mantha anali nawo, ndipo galimoto iliyonse yoima pafupi ndi nyumba inkamudzidzimutsa. Komabe m'mawa uliwonse ankadzera pakhomo pa Mukatimui n'kupereka moni. Masiku ena ankayankhidwa, ena ayi.

Mulemwa anabwerako patatha chaka ndi miyezi iwiri, atatha thupi, mano awiri kulibe. Sanafotokoze kumene anali, ndipo palibe anafunsa. Sabata yomweyo anagulitsa zitsulo zake zokonzera njinga kuti apite ndi banja kwawo ku Senanga. Whyson anawanyamulira matiresi mpaka pokwerera basi.

Basi itatsala pang'ono kunyamuka, Mulemwa anatulutsa mutu pawindo.

"Mkazi wanga wandiuza za imwe," anatero motsitsa mawu. "Muzisamala. Amene ananinenera akali pamzere wathu uja wa nyumba."

Sanatchule dzina. Whyson anakhala ku Maramba zaka zina khumi ndi zitatu, akupatsana moni ndi anthu onse a pamzerewo, osadziwa kuti ndi uti.