Tepi ya pa Phiko la Sjoerd

Sjoerd Terpstra anakalambira ku Delft, m'chinyumba choyesera mapiko a ndege ndi mphepo ya makina. Ntchito yake inali kumata tiulusi pa phiko n'kumaona pomwe tayamba kuvina chammbuyo. Atapuma ntchito anadzatipeza ku kalabu yathu ya ndege zopanda injini, ali mbeta yaimuna yosadziwa kukwiya. Ukamuponda phazi, wopepesa anali iyeyo.

Pakamwa pake pankatseguka pa nkhani imodzi yokha. Kunsi kwa mapiko a ndege yake anamatako tepi ya manomano, ndipo ukangoiloza, khofi wako azizira.

"Iwe, kumbuyo kwa phiko mphepo imakumana ndi mphamvu yoikankha kuti ibwerere," ankatero. "Yoyenda mwaulemu imatopa msanga n'kulitaya phikolo. Koma tepiyi ikaivundula, imabwereka mphamvu kwa inzake yothamanga pambali, n'kukakamira mpaka kumapeto."

Kenaka kunabwera Hiltje, mayi wamasiye wa ku Sneek, amene ankakwecha ngakhale msewu wa pakhomo pake. Sjoerd anamukonda mpaka kuonda, koma poopa kumuthawitsa ankangovomera zilizonse. Ife tinkamva chisoni, chifukwa mayiyo anayamba kuyasamula akakhala naye.

Tsiku la mpikisano wa kalabu, Hiltje analawirira ndi ndowa kuti amusangalatse. Anatsuka ndege yonse mbee, ndipo poona chinthu chokhakhala kunsi kwa phiko, anachimatula ndi chikhadabo mbali zonse ziwiri. Sjoerd pozungulira ndege yake asananyamuke, maso anali pa mayiyo, sanawerame n'komwe.

M'mwamba ndege inkangotsika msanga kuposa za anzake. Kunja kunalibenso mphepo yokwera yokwanira, moti anakatera m'munda wa mbatata wa eni ake. Ine ndi Hiltje tinamulondola pa galimoto yokoka ngolo yonyamulira ndege, ndipo tinamupeza atagwada m'matope akusisita kunsi kwa phiko.

"Kauve kaja? Ndachotsa ine," anatero Hiltje monyadira.

Sjoerd anadzuka nkhope ili psu.

"Mayi inu! Uve? Ndi nsalu ya patebulo imeneyi? Manja anuwo sangakhale phee tsiku limodzi? Mwakwecha mapoto anga, mwataya magazini anga, tchizi changa chakale mwati chawola, lero mwandigwetsa m'mbatata!"

Anakalipa mpaka mlimi amene ankabwera kudzatikalipira anabwerera panjira. Atatha, ndinaona kuti Sjoerd mantha amugwira, akudziwa kuti chibwenzi chathera pomwepo.

Hiltje anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu.

"Ha! Kani muli ndi mawu? Ine ndimati ndikwatiwa ndi mpando." Anatsegula chitseko cha galimoto. "Kwerani, koma nsapatozo muvule. Tepi yanuyo tikagula panjira, ndipo mukandionetse pomata."