Tsiku Limene Ndinavala Njuchi

Tsiku limenelo kunatentha kuyambira m'mawa, kutentha kwa Okutobala mvula isanagwe. Ku Wattville, dera la ku Joni, matekisi ankaliza mahutala, ndege zinkadutsa chapansipansi, ndipo kuseri kwa nyumba ya mayi wina wokalamba njuchi zinkalira mumtengo wa mapichesi.

Ntchito yochotsa njuchi ndinaipeza kudzera kutchalitchi. Ndinali nditangofika ku Joni, chaka chomwe mkazi wanga Esinati anamwalira. Mkulu wa mpingo anandiuza kuti a Mokoena a ku Nigel, ochotsa njuchi m'makomo mwa anthu, akufuna munthu wopanda phuma. Mwana wanga Tadala ndinamusiya kwa mchemwali wanga ku Ntcheu. Kholo limene linamutsalira ndinali ine.

Kwathu tinkafula njuchi ndi muuni wa udzu, zambiri n'kupsa. A Mokoena sankafuna kumva zimenezo. M'mawa uliwonse, tikukweza makwerero, mabokosi, chofukizira utsi ndi zipewa za neti m'galimoto, ankanena mawu awiri a Chingerezi: "No harm." Nditawafunsa, anati liwu loti "harm", kapena kuti kuvulaza, amalitchula njuchi ikaphwanyidwa, denga la kasitomala likasweka, ngakhalenso diso la wantchito likatupa. "Chilichonse chimene wachisiya choipa kuposa mmene unachipezera," anatero.

Njuchi zikamasamuka zimaunjikana panthambi. Timaika bokosi pansi, n'kugwedeza nthambiyo mwamphamvu kuti zigweremo. Kenako timafufuza mfumukazi n'kuitsekera m'kakhola ka waya, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Komwe kuli mfumukazi, zonse zimapita komweko.

Tsikulo a Mokoena anaipeza msanga. Anapatsira kakholako Mabvuto, mnzathu wa ku Chipata, kuti akaike m'bokosi, iwo n'kupita kumaso kwa nyumba kukalankhula ndi mwini wake. Ine ndinavula chipewa kuti ndimwe madzi.

"Akulu, mwada apa," anatero Mabvuto, akundisasa pachifuwa.

Sipho, mnzathu wina wa ku Daveyton, ankaseka atatsamira makwerero. Sindinadziwe kuti Mabvuto walowetsa kakhola kaja m'thumba la ovololo yanga. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti umenewo unali mwambo wawo kwa wantchito watsopano: njuchi zingapo zimamulondola, iye amathawa akukuwa, onse n'kuseka. Koma gulu la tsikulo linali lalikulu, ndipo ine kuthamanga si khalidwe langa.

Zinayamba kutera pathumba, kenako pachifuwa ponse, m'khosi, m'ndevu, mpaka m'masaya. Kuseka kunatha. Ndinaganiza za Tadala, kuti ndikangomenya imodzi yokha, mwina amva uthenga wa maliro enanso. Ndinatseka pakamwa, n'kuyamba kupemphera chamumtima.

Chimene ndinamva pamenepo sindinachimvenso kwina kulikonse. Njuchi zimalemera. Zimafunda ngati khanda logona pachifuwa. Kulira kwake sikunkamveka m'makutu mokha, kunkalowa m'nthiti, ngati mmene nyimbo imanjenjemeretsera benchi mpingo wonse ukamaimba. Timiyendo tosawerengeka tinkayenda pakhungu langa mosamala, njuchi iliyonse ili ndi mbola yake, koma zonse zitaisunga. Mantha ndinali nawo, komabe pakati pa manthawo ndinazizwa ndi Iye amene anazilenga.

A Mokoena atabwera sanakuwe. "Baba, musagwedezeke," ananong'ona. Analowetsa zala ziwiri pakati pa njuchi pang'onopang'ono, natulutsa kakholako, n'kukaika m'bokosi. Anandiweramitsa pamwamba pake, nandiuza kuti ndidzigwedeze kamodzi mwamphamvu. Mulu wonse unagweramo. Zotsala anazisesa ndi burashi yofewa. Imodzi yokha ndi imene inandiluma, kunsi kwa khutu.

"Sorry, madala, we meant no harm," anatero Sipho.

"Tinali kungocheza, akulu," anawonjezera Mabvuto. "Onani, simunapwetekeke."

A Mokoena ananyamula dzanja langa kuti onse alione. Linkanjenjemera moti sindikanatha kugwira botolo la madzi. "Nanga ichi n'chiyani?" anafunsa.

Pamenepo ndinamvetsa kuti liwu lija limafika ndi pamene palibe bala. Munthu ungamuvulaze khungu lake lili bwinobwino, ndipo ungamuvulaze ukuseka, mumtima mulibe choipa chilichonse. Mpaka lero, ndikamasiya nyumba ya kasitomala, sindiyang'ana denga lokha. Ndimayang'ananso nkhope za anthu.

A Mokoena anafuna kuwachotsa ntchito onse awiri, koma anati mawu omaliza akhale anga. Sindinayankhe tsiku lomwelo. Lamlungu ndinaimbira foni Tadala, ndinamva mawu ake akundifunsa ngati ku Joni kuli uchi. Lolemba m'mawa ndinapeza Mabvuto atatsuka kale chipewa changa, ataima pafupi ndi galimoto, maso ali pansi. Nayenso ali ndi ana ku Chipata. Ndinauza a Mokoena kuti awasiye agwire ntchito, koma mwambo uja uthere pa ine.

Ndinawakhululukira onse awiri.